Za Matayala a Lole: Kalata Yochokera ku Joni Kupita kwa Dambe

Germiston, South Africa

Kwa Amalume, kwa Dambe, Neno,

Tayala ndi chiwalo chokhacho cha lole chimene chimaponda nthaka, ndipo nthaka ya ku Neno siseka ndi munthu. Kalata ino ikuyankha uthenga umene Amalume anatumiza pa WhatsApp, wonena kuti matayala anayi a kumbuyo kwa Canter yawo afika pa waya, ndipo kuti mwana wa mlongo wawo, poti ali ku Joni kumene zinthu amangotola, atumize atsopano a dzina lomveka mvula isanagwe. Mwanayo amagwira ntchito pa malo ena omangira matayala ku Germiston, kumene amamasula mabawuti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndalama alibe, koma nzeru za matayala ali nazo, ndipo nzeruzo ndi zimene watumiza, chifukwa sizilipira msonkho pa chipata cha Mwanza.

Choyamba kudziwa n'chakuti ku Malawi tayala lililonse la lole ndi lakunja. Mitengo ya labala ilipo ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay, koma tayala limene limagulidwa ku Limbe kapena ku Ginnery Corner linabadwira kutali ndipo linadutsa pa malire. Choncho mkangano wa pa bawo wakuti "lakunja ndiye labwino" ulibe mutu. Funso loyenera n'lakuti tayalalo lachokera kunja kwake kuti, ndipo linapangidwira msewu wotani.

Matayala a pamsika ali m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la maina akuluakulu: Michelin wa ku France, Bridgestone wa ku Japan, Continental wa ku Germany, Goodyear wa ku America, ndi Dunlop, dzina lochokera kwa John Boyd Dunlop amene anapanga tayala la mpweya la njinga mu 1888. Ena mwa makampaniwa ali ndi mafakitale ku South Africa konkuno: Bridgestone ku Brits, Continental ku Gqeberha, ndipo a Dunlop amapangidwa ku Ladysmith pansi pa kampani ya ku Japan ya Sumitomo. Gulu lachiwiri ndi la ku China ndi ku India, monga Triangle, Linglong, Double Coin, Sailun, Westlake, Apollo, MRF ndi CEAT, omwe mtengo wake umakhala wotsikirapo. Gulu lachitatu ndi la kaunjika, matayala amene anatumikira kale mabwana ena ndipo akufuna ntchito pa ukalamba. Dzina la tayala silinena kumene linapangidwa, chifukwa makampani akuluakulu ali ndi mafakitale m'maiko ambiri. Dziko lenileni limalembedwa m'mbali mwa tayala, m'zilembo zazing'ono zimene wogulitsa sakonda kuzilozera.

Chikhulupiriro chakuti ku Joni zonse n'zotchipa chimafala kwambiri m'midzi imene ili ndi ana otumiza zithunzi ataima pambali pa galimoto za eni ake. Pa matayala chikhulupirirochi chimagwa. Mu September 2022 boma la South Africa linaika msonkho wapadera wa 38.33 peresenti pa matayala ochokera ku China pofuna kuteteza mafakitale a m'dzikolo, ndipo chaka chotsatira msonkhowo unakhazikitsidwa pa milingo yosiyanasiyana malinga ndi kampani. Tayala la ku China logulidwa mu Johannesburg limasenza msonkho umenewu, pomwe mnzake wopita ku Malawi kudzera pa madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam sakumana nawo. Kenako pali ulendo: Musina, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, makilomita oposa 1,500. Tayala lalikulu la thiraki limalemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo onyamula katundu salipiritsa potengera chibale. Pa Mwanza a MRA, otolera msonkho, amadikira. Katundu wopangidwa m'maiko a SADC, wokhala ndi chikalata chotsimikiza kumene anapangidwa, amachepetsedwa msonkho, koma tayala la ku China silisanduka la ku South Africa chifukwa chogona sabata ziwiri ku Crown Mines mu Johannesburg.

Mitengo yeniyeni sinalembedwe m'kalata muno pa chifukwa chomveka. Kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo katundu aliyense wogulidwa ndi dola amatsatira nkhani zoterezi mwachangu kuposa basi. Mtengo wolembedwa ku Germiston Lolemba umakhala utakalamba pofika kwa Dambe Loweruka.

Safunsa anadya phula, koma pa tayala wofunsidwa woyamba si wogulitsa. Tayala limadzinenera lokha zonse m'mbali mwake. Lole zazing'ono monga Canter ndi Dyna zimakonda kuvala 7.50R16. Nambala yoyambayo ndi kutambalala kwa tayala mu mainchesi, R akusonyeza kuti ndi la mawaya oyalidwa mopingasa, ndipo 16 ndi kukula kwa rimu. Mathiraki aakulu odutsa pa Zalewa amavala monga 315/80R22.5: kutambalala mamilimita 315, kutalika kwa mbali 80 peresenti ya kutambalalako, rimu ya mainchesi 22.5. Tayala losagwirizana ndi rimu silimangidwa, ngakhale makaniko atalumbira pa manda a agogo ake kuti lilowa.

Pafupi ndi nambalazi pamakhala zina zonena katundu amene tayala lingasenze. Tayala la 7.50R16 lolembedwa 122/118 limanyamula makilogalamu 1,500 likakhala lokha, ndi makilogalamu 1,320 likakhala lophatikizana ndi linzake kumbuyo. Lole ya matayala asanu ndi limodzi oterewa ili ndi makilogalamu 3,000 kutsogolo ndi 5,280 kumbuyo, pamodzi 8,280, ndipo m'menemo muli kulemera kwa lole yeniyeniyo, dizilo, dalaivala ndi womuthandiza. Masamu amenewa amasokonekera ku Neno chifukwa cha thumba la mbatata ya kachewere, limene pa dzina ndi limodzi koma limasokeredwa mutu mpaka kutalika kuposa mwini wake. Pamwamba pa matumbawo pamakhala eni mbatata, madengu a manachesi, mbuzi ziwiri ndi mlamu amene akungopita pa Mwanza pompa. Tayala silidziwa kuti mlamuyo akutsikira pafupi. Chilembo chotsatira manambalawa chimanena liwiro: K ndi makilomita 110 pa ola, L ndi 120, M ndi 130. Pa chitunda cha ku Nsambe chilembochi chilibe ntchito, chifukwa kumeneko lole imapikisana ndi anthu oyenda pansi.

Palinso tsiku lobadwa. Pa mzere woyamba ndi zilembo DOT, manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka: 2523 ndi sabata ya 25 ya chaka cha 2023. Labala amauma ndi kung'aluka ngakhale tayala lisanayendepo, makamaka likakhala padzuwa. Tayala lokhala ndi mano onse koma lobadwa zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo zapitazo liyenera kuyang'anitsitsidwa, ngakhale wogulitsa atalipaka polishi wa nsapato.

Mano a tayala amasankhidwa potengera msewu. Boma la Neno, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, lili ndi maiko awiri m'kati mwake. Kumtunda, m'mapiri a Kirk Range, kwa Dambe ndi ku Nsambe, kuli mphepo yozizira, tirigu, mbatata, miyala yakuthwa ndi matope oterera m'dzinja. Kumunsi, ku Lisungwi, ku Matope ndi pa Zalewa, kuli kutentha kwa m'chigwa cha Shire ndi tala wa M1 ndi M6. Lole ya Amalume imadutsa m'maiko onse awiri tsiku limodzi. Matayala a mizere yoongoka ndi a kutsogolo: amamvera chiwongolero ndipo sadya dizilo wambiri pa tala, koma akaikidwa kumbuyo amangozungulira m'matope lole ili pomwepo. Matayala a mano akuluakulu opingasa ndi a kumbuyo, okankha. Pakati pawo pali opangidwira tala ndi fumbi pamodzi, a labala wolimbana ndi miyala, ndipo awa ndi amene amayenera msewu wotere. Walira mvula walira matope, ndipo wolima mbatata kumtunda ayenera kugula mano oti atuluke nawo m'matopemo.

Mkati mwa tayala muli njira ziwiri zopangira. La nayiloni lili ndi nsalu zoyalidwa mopingasana ndi mbali zolimba, zopirira mwala wobaya cham'mbali, koma limatentha msanga pa tala ndipo limatha mano mofulumira. La waya, limene kampani ya Michelin inayambitsa mu 1946, limayenda mtunda wautali, silitentha kwambiri ndipo limapulumutsa dizilo, koma mbali zake n'zofewerapo. Mitundu iwiriyi siiphatikizidwa pa ekisero imodzi. Manambala monga 14PR amanena kulimba kwa tayala, ndipo ku lole yonyamula mbatata nambala yokwera ndiyo yofunika.

Mtengo weniweni wa tayala sudziwika pa kauntala koma pa makilomita amene layenda. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza. Tayala la K300,000 likayenda makilomita 30,000, kilomita iliyonse yadya K10. La K500,000 likayenda makilomita 70,000, kilomita iliyonse yadya pafupifupi K7, ndipo lodulalo ndilo latchipa. Masamuwa amagwira ntchito pa tala, kumene tayala limafa ndi ukalamba. Pa msewu wa miyala matayala ambiri amafa ali anyamata. Mwala ukang'amba mbali pa makilomita 10,000, lotchipa lija ladya K30 pa kilomita, pomwe lodula ladya K50, chifukwa mwala wa kwa Dambe sunapite ku sukulu ndipo sutha kuwerenga dzina la Chifalansa. Tsono lole yokhalira pa tala, Blantyre, Lilongwe, Beira, imapindula ndi maina akuluakulu. Lole yokhalira m'mapiri imapindula ndi tayala la mtengo wapakati, la mbali zolimba, lopezeka mosavuta ku Limbe tsiku limene linzake laphulika.

Za kaunjika zimafuna kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali matayala ovekedwa mano atsopano ku fakitale, kumene thupi lakale limapimidwa kaye kenako n'kumatidwa labala watsopano ndi moto. Njirayi ndi yovomerezeka, makampani aakulu a mathiraki amaigwiritsa ntchito, ndipo apa ndi pamene tayala la dzina limaonetsa phindu lina, chifukwa thupi lake lolimba limalola kuvekedwa kawiri. Malo a matayala oterewa ndi kumbuyo, osati kutsogolo kumene kuphulika kumalanda dalaivala chiwongolero. Palinso matayala a m'makona a Joni, amene anyamata ena amawasema mano ndi mpeni wamoto. Kusema kumaloledwa pa tayala lolembedwa REGROOVABLE lokha, lomwe lili ndi labala wapadera pansi pa mano. Pa ena onse kusemako kuli ngati kujambula tsitsi ndi makala pa mutu wa dazi: patali munthu amaoneka mnyamata, mvula ikagwa zonse zimadziwika. Tayala lililonse la kaunjika limayang'anidwa m'kati ndi tochi, kufufuza zigamba, zotupa ndi waya wa dzimbiri.

Tayala lililonse, lodula kapena lotchipa, limaphedwa ndi zinthu zofanana. Choyamba ndi mpweya wochepa. Tayala lofewa limapindika pozungulira, kupindikako kumabala kutentha, ndipo kutentha kwa mu October pakati pa Zalewa ndi Lunzu kumamaliza ntchito. Mpweya umapimidwa ndi geji m'mawa tayala lisanatenthe. Kuliponda ndi phazi kapena kuligogoda ndi sipanala kumangotsimikiza kuti tayala lilipo. Chachiwiri ndi kuphatikiza kumbuyo latsopano ndi lakutha: lalitali limasenza katundu yense, lalifupi limangokwera ulere, ndipo onse awiri amatha msanga. Chachitatu ndi mwala wopanikizika pakati pa matayala awiri a kumbuyo, umene umadya mbali zonse mwakachetechete, ndipo womuthandiza dalaivala ayenera kuuchotsa lole isanakwere pa tala. Chachinayi ndi miyendo ya kutsogolo yopotoka ndi maenje, imene imadyetsa tayala mbali imodzi. M'ngalande za mano muli timizere topingasa totalika mamilimita 1.6. Mano akafanana ndi timizereto, tayala latha, ndipo apolisi a pamsewu amadziwa zimenezi bwino kuposa eni lole.

Pa Canter ya Amalume, dongosolo loyenera n'lotere. Kutsogolo kukhale matayala awiri atsopano a mtundu wodalirika, chifukwa moyo wa anthu uli pamenepo. Kumbuyo kukhale anayi ofanana mtundu, kukula ndi msinkhu, a mtengo wapakati, a mano a tala ndi fumbi, ogulidwa ku Blantyre pa sitolo yopereka lisiti, kumene munthu angabwerere kukadandaula popanda pasipoti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo tayala lodikira mwana wa ku Joni limafika mbatata itaola. Sipeya ikhale tayala lenileni lokhala ndi mpweya, osati chikumbutso. Akale aja asatayidwe: amatuluka nkhwayira za banja lonse, machubu ake ndi malegeni omangira katundu pa njinga, ndipo otsala amapsinja malata pa denga mphepo ya kumtunda ikakwiya.

Pa mtengo wa matayala anayiwo, mwana wa mlongo wawo waika ndalama ya geji yopimira mpweya, yomwe ibwera pa basi ya mwezi wa mawa pamodzi ndi bulangete la Agogo. Zotsalazo zichokera ku mbatata.

Moni kwa Azakhali, Agogo ndi onse a pamudzi.

Wolemba,
Mwana wa mlongo wawo, wa ku Joni