Pepala la jaji pakhomo

Kunja kwa shopu ina ku South Bend, kumene Amalawi amakumanirana pogula ufa, bambo wina wa imvi anatsamira galimoto akukangana ndi mwana wa mlongo wake. Apolisi anali atachita chipikisheni m'nyumba ina mumsewu wawo mbandakucha.

"Anali ndi pepala la jaji," anatero bamboyo. "Ukufunanso chiyani?"

"Malume, pepalalo sangolipereka ngati lisiti. Wapolisi amayamba walumbira, n'kufotokoza chomwe chikumuchititsa kukhulupirira kuti umboni wa mlandu uli m'nyumbamo. Zam'maluwa zoti uje amagulitsa chamba sizikwanira."

Mnyamatayo sankanama. Chiyambire 1791, malamulo aakulu a dziko la America amafuna chifukwa chomveka, lumbiro, komanso kutchula malo ndi zinthu zofunidwazo. Mu 1957 ku Cleveland, mayi Dollree Mapp anatsomphola pepala lomwe apolisi ankamuonetsera patali n'kulibisa pachifuwa. Analimbana naye mpaka kumulanda, koma kukhoti chilolezo sichinaoneke. Mu 1961 bwalo lalikulu la Supreme Court linagamula kuti umboni wotengedwa mophwanya lamulo chotero usamagwiritsidwe ntchito.

"Nanga jaji akasaina pa zifukwa zoperewera?" anafunsa malumewo, akusuntha thumba la ufa ndi phazi.

Apa mnyamata uja anayamba wakanda m'mutu. "Pamenepo mwandigwira. Pa mlandu wa Leon mu 1984, apolisi a ku Burbank, California, anapeza mankhwala ozunguza bongo ndi chilolezo chomwe khoti linadzati chinalibe maziko okwanira. Koma majaji 6 mwa 9 a Supreme Court anati umboniwo ukhale, poti apolisiwo anakhulupirira siginecha ya jaji ndi mtima woona."

"Ndiye wolakwa ndi jaji, wovutika ndi mwini nyumba?"

Kunena zoona, funso limeneli ine sindinamvepo woliyankha mogwira mtima. Maganizo a bwalo anali oti kutaya umboni n'kolangira wapolisi wosamvera, osati kukonza zolakwa za jaji. Komabe linaika malire: wapolisi akanamiza jaji, jaji akamangodinda chilichonse chomwe apolisi abweretsa, zifukwa zikakhala zopanda mutu moti wapolisi wanzeru sangazikhulupirire, kapena pepalalo likakhala lolakwika poyera, kudziteteza kotereku sikugwira.

Mnyamatayo anaseketsa anthu ndi nkhani ya ku Montana. Wapolisi Jeff Groh, pamalo polemba zida zomwe ankafuna, anangofotokoza nyumba ya banja la Ramirez: yosanja, yabuluu. Jaji anasaina osaona. Zida zoletsedwa sizinapezeke, ndipo mu 2004 bwalo linati pepala lotero wapolisi aliyense akanaona kuti n'lopanda ntchito.

Mayi wina wovala yunifolomu ya kuchipatala sanaseke nawo. "Achimwene, zonsezo zimakambidwa chitseko atathyola kale. Breonna Taylor uja ku Louisville apolisi anamuwombera m'nyumba mwake usiku wa pa 13 March 2020, pepala lili losainidwa bwinobwino. Analembamo zoti a positi atsimikiza kuti chibwenzi chake chakale chimalandirira maphukusi pakhomopo. Linali bodza."

"Anadziwa bwanji kuti ndi bodza?"

"Wapolisi mnzawo, Kelly Goodlett, anavomera yekha kukhoti mu 2022 kuti anathandiza nawo kulipeka. Mzindawo unali utalipira kale banja lake madola 12 miliyoni."