Mlandu wa Mleme

Makolo athu, amene anali kupenya mitima ya anthu sukulu zisanadze, anatisiyira mwambi wakuti mapanga awiri avumbwitsa; ndipo anthu akafuna chitsanzo chake amathamangira kuloza mleme, nati kwa mbalame umadzitcha mbewa, kwa mbewa umadzitcha mbalame. Koma ine nditi mlemewo taunamizira.

Pumbwa, mbalame yosakayikitsa, alibe mlandu, pakuti nthenga ali nazo, chisa amamanga pamphanda ya mtengo, mazira awiri kapena atatu amaikira, ndipo m'mamawa amaimba poyera asanapite kukaba papaya wa eni ake. Mleme nawonso sunasinthepo mtundu chilengedwere: uli ndi ubweya ndi mano, umabala mwana wamoyo ndi kumuyamwitsa, ndipo mapiko akewo ndi khungu loyalidwa pa zala zazitali. Osokonezeka ndi olemba kaundula. Buku la Levitiko, mutu 11, linauwerengera pamodzi ndi mbalame zosadyedwa. Carl Linnaeus wa ku Sweden, m'chaka cha 1758, anauika m'gulu limodzi ndi anyani ndi anthu, chibale chimene sindikhulupirira kuti mleme unachipempha. Pokhala pake sumabisa: phanga, denga la tchalitchi, kapena mtengo, monga ku Kasanka m'dziko la Zambia, kumene mileme mamiliyoni imasonkhana kuyambira Okutobala kufikira Disembala kudzadya masuku.

Eni ake a mwambiwu, tsono, ndi ife oyenda ndi miyendo iwiri. Alipo mkulu woimba kwaya Lamulungu m'mawa, amene dzuwa likapendeka amavula nsapato pakhomo pa sing'anga. Alipo bambo wa mafoni awiri, ina yodziwika kwa mayi a kunyumba, ina yogona m'galimoto. Koposa onse alipo olemekezeka aphungu, amene amalowa m'Nyumba ya Malamulo atavala nsalu ya chipani china, nakatuluka atavala ya chipani cholamula, ngakhale Gawo 65 la malamulo a dziko la Malawi linalembedwa kuti wotero ataye mpando. Akafunsidwa, amayankha mofatsa kuti angotsata chitukuko.

Chondidodometsa n'chakuti mvula ya masiku ano yaleka kumvera makolo. Olemekezekawo amayenda pakati pa mapanga awo awiri m'galimoto yotseka magalasi, osadonthedwa ngakhale paphewa, pamene wovumbwa ndi uja anawavotera, ali chiimire pamzere wa feteleza.