Kalembera wa M'mudzi wa Makina

Chikalata cha abwana chinali chachidule: zipangizo zonse za kampani zikhale zitalowa mu sisitemu yoyang'anira netiweki pofika Lachisanu. Za malipiro athu, omwe akhala chiimire pomwe ufa ukukwera, sichinatchule kanthu. Koma ndalama yogulira chi TV chopachika pakhoma, choti abwana aziwonerapo makina awo, inapezeka tsiku lomwelo.

Ntchitoyi inagwera ine, popeza muofesi yathu ya mu Cairo Road ku Lusaka ndine "Ba IT". Ufumuwu ndinaulowa tsiku lina nditazimitsa printa n'kuiyatsanso, iyo n'kuyamba kugwira ntchito anthu akuona. Chiyambire pamenepo ndine nyakwawa ya mudzi wa makina. Anthu anga ndi marauta, maswitchi, maprinta ndi makamera, omwazikana ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi kunyumba kwa abwana ku Kabulonga, kumene ngakhale geti ili ndi adiresi ya IP.

Sisitemu yotere, kaya ndi Nagios yomwe mbiri yake inayamba mu 1999, kaya Zabbix ya ku Latvia, ntchito yake ndi kulonjera mudzi. Pakapita kamphindi imagogoda pakhomo lililonse: "Mwadzuka bwanji kuno?" Kugogodako amati ping. Woyankha amaoneka wobiriwira, wokhala chete amafiira. Ikafuna kufunsa za m'nyumba, monga ngati thupi latentha kapena inki yatha, imadzera mu SNMP, njira yakalekale ya mu 1988. Pamenepo pamafunika mawu achinsinsi, koma makina ambiri amachoka kufakitale ndi mawu amodzimodzi, odziwika dziko lonse. Chinsinsi cha m'mudzi chimatero.

Komatu mfumu silonjera munthu wosalembedwa, ndiye kalembera ayambe. Ukhoza kulemba mmodzimmodzi mpaka zala kuuma, kapena kuwalowetsa onse pakamodzi ndi fayilo ya CSV: mzere uliwonse chipangizo chimodzi, dzina, adiresi ndi malo, zolekanitsidwa ndi mpatuliro. Mu 2022 boma la Zambia linawerenga anthu 19.6 miliyoni. Anthu anga onse akhoza kukwana m'basi imodzi ya ku Chelstone, kondakitala akawapanikiza bwino. Ndinati izi n'zomwera tiyi.

Kaundula amene anasiya nyakwawa yakale anandilandira bwino. Mzere woyamba: "Printa ya amayi aja, pafupi ndi zenera." Sisitemu itaona mpatuliro inaganiza kuti dzina latha, ndipo inatenga "pafupi ndi zenera" ngati adiresi ya IP. Fayilo yonse inabwezedwa. Rauta ya nthambi iliyonse inkalumbira kuti 192.168.1.1 ndi iyoyo, anthu anayi chitupa chimodzi. Malaputopu ndiwo alendo osakhazikika, DHCP imawapatsa nyumba ina akadzuka. Munalinso mizukwa: makompyuta olembedwa bwinobwino m'kaundula, oti mwina anadutsa kalekale mu Katondo Street ali m'chikwama cha munthu.

Mfumu inakwera basi, ulendo wa Great East Road, kukagwada kuseri kwa kabati ya ku Chelstone ndi tochi ya foni, kuwerenga timalemba ta kunsi kwa rauta.

"Ba IT, mwabwera kudzatikonzera printa?" anafunsa amayi a pakauntala.

"Ayi amayi, lero n'kalembera chabe."

"Ndiye mulembe kuti inatisiya chaka chatha."

Lachisanu fayilo inalowa. Khoma lonse linabiriwira, kupatula malemu a ku Chelstone. Abwana anaimirira patsogolo pa TV manja ali kumbuyo, n'kundiuza kuti ndili ndi tsogolo.

Kenako magetsi anathima ku Kabwata. Mukukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, pomwe madera ena ankakhala mumdima maola oposa 20 patsiku. Sisitemu sidziwa za chilala, imangodziwa kuti yagogoda ndipo palibe wayankha. Uthenga wa maliro umapita kwa mfumu, pafoni, wa munthu aliyense payekha. Magetsi akabwera, uthenga winanso: auka. Anthu anga amafa ndi kuuka kangapo patsiku, ndipo chipepeso palibe amene amabweretsa.

Usiku wina foni itanjenjemera kosalekeza, mayi a kunyumba anadzuka.

"Bambo a mwana, ndani ameneyu wosagona?"

"Ndi switchi ya ku Woodlands, mayi."

"Switchi. Ya ku Woodlands. Ndiye mwafika pokwera mitengo yaitali."

Mtendere umabwera magetsi akathima mu Cairo Road mwenimwenimo. Wolonjera naye amakomoka, ndipo usiku umenewo m'mudzi simufa munthu.

Musandimve molakwa, sisitemuyi ndi yabwino. Imandiuza kuti chinthu chadwala kasitomala asanayambe kukalipa. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndalama ya TV ija ikanagula mabatire oti rauta ya ku Kabwata isamakomoke, kapena kuukitsa printa ya amayi aja. Timakonda kuwerenga mavuto, kuwapaka mitundu ndi kuwaonetsa kumsonkhano. Ngalande zotsekeka za mu Lusaka timazidziwa ndi maina dzinja lisanafike, maenje a mumsewu timawalonjera m'mawa uliwonse. Kudziwa pamene pafiira n'kotchipa. Munthu wonyamula sipanala ndi ndalama yogulira chosinthira ndiye amene sitifuna kumulipira.

Ndinafotokoza zonsezi kwa abwana, mwaulemu, manja ndikufikisa. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti kufiira kwa Chelstone kukuchititsa manyazi pamaso pa alendo, ndiye ndichitepo kanthu msanga. Chimene ndinalamulidwa ndi kufufuta malemuwo m'kaundula. Tsopano amayi aja amasindikiza makalata a kampani pakashopu ka pamsika ndi ndalama ya m'thumba mwawo, koma pakhoma mudzi wonse uli ndi thanzi.

Dzulo kwabwera chikalata china. Abwana amva kuti foni iliyonse yolowa pa Wi-Fi imalandira adiresi ya IP, ndiye akufuna ogwira ntchito tonse tilowe mu sisitemu mwezi wamawa. Ine ndayamba kale kuyeserera kuoneka wobiriwira.