Mano a m'kapu kapena a bawuti?

Ku Geisha kuno nkhani ikagwa sichedwa kuchita nthambi, ndipo ya manoyi yachita kale zambiri. Tonse taimva, tonse takanganapo: pa chiwaya, ku chigayo, pa siteji ya akabaza, ngakhale pa maliro tikamaotha moto usiku. Akuti mkulu wina amene ankavala mano oikirira, aja ogona m'kapu ya madzi, wawataya ndipo wabwerako ndi mano okhomera m'fupa, amene anyamata angowatcha a bawuti. Mkuluyo ndani? Ena akuti ndi bambo wopuma ntchito m'boma amene wathira penshoni yonse m'kamwa. Ena akulumbira kuti ndi mayi wa geni ku Taifa Market. Ena akuti si wa ku Geisha n'komwe, ndi wa ku Katoto, poti zodula zimayambira kumeneko. Amene anamuona ndi maso awo sakupezeka, koma amene asuweni awo anamuona angadzaze minibasi.

Kumene anakakhometsako nakonso kukusuntha. Lolemba kunali ku Lilongwe, Lachitatu ku Dar es Salaam, pofika Loweruka anali atakwera ndege ya ku India. Obwera ku Joni nawo safuna kutsala. Akuti kumeneko izi n'zakale, ngakhale eni akewo tikuwaona akuseka ataphimba pakamwa.

Gulu lalikulu ndi la amantha. Awa akuti kuika chitsulo m'kamwa n'kudziputira tsoka. Ndi mvula ya Mzuzu yosadziwa kalendalayi, akutero, bawutiyo ichita dzimbiri chaka chisanathe, poiwala kuti m'kamwa simuuma ngakhale mu Okutobala. Ena akuti mphenzi imalondola munthu wotere, moti mitambo ikada musayende naye limodzi. Ena akuti pa bwalo la ndege makina amalira mpaka apolisi kukuuzani kuti muvule nsagwada. Agogo ena anangofunsa kamodzi kokha: tsiku la kuuka kwa akufa, bawutiyo idzauka nawo? Funso limenelo tawasiyira abusa.

Zinazo tingathe kuweruza tokha. Chitsulo chake ndi titanium. Sichichita dzimbiri m'thupi, maginito sachikoka, ndipo madokotala amalumikizira chomwecho mafupa othyoka. Kachidutswa kolowa m'nsagwada n'kotalika pafupifupi sentimita imodzi. Mphenzi yomwe ingalumphe malata, mabulugama ndi nsanja za mafoni n'kudzafuna sentimita imodziyo m'kamwa mwa munthu, imeneyo ndi yotumidwa, ndipo mlandu wake ndi wina.

Aliponso amene akuti izi n'zatsopano, azungu akufuna kuyesera pa ife. Awa achedwa kwambiri, chifukwa woyamba kuyeseredwa anali kalulu. M'zaka za m'ma 1950, dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anaika kachipangizo ka titanium m'fupa la mwendo wa kalulu pofuna kuona mmene magazi amayendera. Pofuna kukachotsa anapeza kuti fupa lakakumbatira, sikakutheka. Mu 1965, mumzinda wa Gothenburg, anakhomera mano otere munthu woyamba, Gösta Larsson, ndipo bamboyo anamwalira mu 2006 zitsulozo zidakali m'malo mwake. Zaka 40 akutafuna, dzimbiri osaoneka, pomwe ku Sweden nakonso mvula imagwa.

Tsono a mano a m'kapu asafulumire kuomba m'manja, chifukwa madandaulo awo timawamva tokha. Chimanga chootcha amachiyang'ana chapatali. Nzimbe anasiyana nazo mwamtendere. Kondowole ndiye mdani weniweni: ukaluma, mbamu imapita ndi mano omwe. Ena akusimba za mayi wa kwaya amene anakweza mawu pa nyimbo yotsekera mano n'kutsogola, ndipo nkhani imeneyi mpingo uliwonse umati inachitika ku mpingo wa anzawo. Adzukulu nawo sathandiza: "Agogo, sekani pang'onopang'ono, angagwe."

Pa za kukhwepaku pali milandu iwiri. Ena akuti wopanga mano anaphonya muyeso. Ena akuti pulasitiki yake inali yotchipa, imafutukuka ndi tiyi wotentha. Kawirikawiri onsewo akunamizira osalakwa. Dzino likachoka, fupa limene linkagwira muzu limayamba kuchepa pang'onopang'ono, makamaka m'miyezi yoyambirira, chifukwa latha ntchito. Mano oikirira amangokhala pamwamba pa nkhama, ndiye pansi pakamaphwa iwo amatsala akulendewera. Amene ankakukwanani bwino zaka zisanu zapitazo lero akugwedera chifukwa nsagwada yasintha, ndipo a m'munsi ndiwo amavuta kwambiri poti lilime limawakankha tsiku lonse. Apa a bawuti ali ndi mfundo yoona: chitsulo chikakhala m'fupa, fupalo limapitiriza kunyamula katundu wa kutafuna ndipo silitha msanga.

Koma nawonso akapatsidwa mpata amakokomeza mpaka kuiwononga mfundoyo. Akuti umalowa m'mawa uli ndi magweru, masana uli pa mang'ina. Akuti manowo amatsegula botolo la Fanta. Akuti mswachi umautaya, poti chitsulo sichibooka. Pang'onopang'ono, abale. Dokotala amayamba wajambula nsagwada kuti aone ngati fupa lilipo lokwanira. Kenako amabaya jakisoni wa dzanzi, n'kuboola, n'kulowetsa chitsulocho, ndipo nthawi zambiri pamadikiridwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti fupa ligwire, asanamangirirepo dzino looneka lija. Wovala mano a m'kapu kwa zaka zambiri angapezeke kuti fupa linatha kale, n'kufunika kuyamba aliwonjezera, zomwe ndi miyezi ina ndi ndalama zina. Kubooka silibookadi, koma nkhama zozungulira zimatupa ndi kuchita mafinya zikapanda kutsukidwa, fupa n'kudyeka, bawuti n'kugwedera. Wosuta fodya ndi wodwala shuga wosasamalidwa bwino ndiwo amakumana nazo kwambiri. Za botolozo, zimathyola dzino lililonse, lobadwa nalo ndi logula lomwe.

Chimene chasokoneza magulu onse awiri n'chakuti pali njira yapakati. Kwa munthu amene mano onse a m'munsi anatha, madokotala amatha kukhoma zitsulo ziwiri zokha, mano oikirira aja n'kumakanikizidwa pamenepo kuti asagwedere. Masana amagwira nganganga, usiku amavulidwa n'kukagona m'kapu momwemo. Munthu wotere tim'werengere mbali iti? A m'kapu akuti ndi wawo, a bawuti akuti ndi wawo, ndipo mkangano umenewu unatha nyama pa chiwaya usanagamulidwe.

Pa mtengo ndiye aliyense ndi katswiri. Ena akuti dzino limodzi ndi njinga yamoto yatsopano. Ena akuti m'kamwa monse ndi poloti ku Mchengautuwa, njerwa zomwe. Palibe waonetsa lisiti. Chomwe sitingatsutse n'chakuti zitsulozi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, manowo sanatsale m'mbuyo. Wina wowerenga nyuzi anatilimbitsa mtima kuti titanium amachokera ku mchenga wa rutile, ndipo ku Kasiya m'boma la Lilongwe kampani ya Sovereign Metals inalengeza mu 2022 kuti kuli rutile wochuluka kuposa malo ena onse odziwika pa dziko lapansi. Ndiye akuti tidikire, mano a bawuti adzagulitsidwa pa mulu. Wina anamuyankha kuti shuga timalima ku Dwangwa konkuno, koma mizere yake tonse tikuikumbukira.

Nanga wokhoma ndani? Funso ili ndilo sitilifunsa, poti silisekeretsa. Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano. Ofuna ntchitoyi ankakaphunzira kunja, ndipo pomwe maphunzirowa ankayamba ku College of Medicine mu 2019, mothandizana ndi University of Glasgow ndi boma la Scotland, madokotala a mano m'Malawi monse sankafika 50, pa anthu oposa 17 miliyoni. Sukuluyo lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ophunzira oyamba anamaliza mu 2025. Ndondomeko ya boma ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Ambiri a ife amene tinatsegulapo pakamwa kuchipatala tinathandizidwa ndi ma dental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, anthu amene amazula ndi kumata mano a chigawo chonse, koma ntchito yokhoma zitsulo m'fupa si yawo. Imeneyo imafuna dokotala wophunzira mwapadera, makina ojambulira ndi chipatala cholipira. Choncho wina akakuuzani kuti akudziwa munthu kuseri kwa msika amene angakukhomereni motchipa, gwirani nsagwada yanu muthawe.

Ndipo tisanamizane, ambiri amene tikukanganafe tilibe a m'kapu, tilibe a bawuti. Tili ndi magweru. Dzino likayamba kunyung'unya timaikapo mchere, kenako adyo, kenako mankhwala a msuweni, ena mpaka madzi a batire. Tikafika ku Mzuzu Central Hospital tsaya litatupa, mawu athu ndi amodzi: "Adokotala, ingolichotsani." Akanena zomata timaona ngati akutichedwetsa. Ena amakananso kuzula la m'mwamba poopa khungu, bodza limene lakhala pakati pathu nthawi yaitali kuposa mano a m'kapu.

Chigamulo chathu n'chotere. Amene fupa lilipo, shuga ali bwino, fodya anasiya ndipo thumba likulola, apite akakhometse, mphenzi siiwadziwa. Amene ali ndi a m'kapu asachite manyazi. Akayamba kugwedera abwerere nawo kuchipatala akawakonze kapena kupanga ena, aziwatsuka tsiku lililonse ndi kuwavula pogona. Enafe amene tidakali ndi obadwa nawo angapo, lija likunyung'unya ndi madzi oziziralo tipite nalo sabata ino likadali lotheka kumata.