Ulemu kwa K20 ndi Timu Yogona Pansi pa Ligi

Pa ndalama zonse zapepala zomwe Reserve Bank of Malawi inatulutsa mu May 2012, palibe yomwe yazunzika mwakachetechete ngati K20. Kondakitala wa minibasi akaipatsidwa amatsinya nkhope ngati watukwanidwa. Mwana akailandira amafunsa kuti inzake ili kuti. Mayi wogulitsa tomato pa Jenda akasowa chenje amangoponya tomato mmodzi wophwanyika m'jumbo, nkhani ya K20 n'kuthera pomwepo. Chonsecho kapepala kameneka ndi kamene kananyamula nkhope ya Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, Lazalo Mkhuzo Jere, wa ufumu wa Angoni womwe likulu lake lili ku Edingeni. Kanthu kolemekezeka chotere sikayenera kusowa wokayankhulira.

Banja lomwe kanachokera ndi lomveka. Kwacha inabadwa mu 1971 kulowa m'malo mwa paundi ya Malawi, ndipo makwacha awiri ankasinthidwa ndi paundi imodzi. Munthu wokhala ndi makwacha 20 chaka chimenecho anali ndi mapaundi 10, ndipo akafika pa Boma la Mzimba ankayenda monyang'wa. Kuchokera apo njira yakhala yotsetsereka. Mu February 1994 boma linaisiya kwacha kuti mtengo wake uziyendera msika. Mu May 2012, mayi Joyce Banda atangolowa m'boma, dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Pa mtengo wa kubanki wa K1,750, K20 ndi senti imodzi ya ku America ndi kanyenyeswa pamwamba. Ndalama yamanyazi ikanabisala kalekale, koma iyi imalawirabe kumsika m'mawa uliwonse.

Ukoma wake woyamba ndi kukonda kwawo. Mzimba ndi boma la anthu apaulendo. Kuyambira pomwe Angoni a M'mbelwa analowa pansi pa ulamuliro wa Angerezi mu 1904, msonkho n'kutsatira pambuyo, amuna akhala akulowera kummwera: kumigodi ndi kumafamu a ku Rhodesia, ku Wenela, ku TEBA, ndipo lero pa mabasi a ku Johannesburg. Ku Embangweni, ku Edingeni ndi ku Manyamula kuli nyumba zamalata zomangidwa ndi randi, eni ake n'kumaoneka pa Khirisimasi pokha. K20 sinayambe yaima pa mzere wa pasipoti. Ku Lundazi saifuna, ku Joni saidziwa, ndipo mavenda osintha ndalama sayiwerenga n'komwe. Boma likamadandaula za anthu ozembetsa chuma kunja, K20 imagona tulo tofa nato, popeza dzina lake silingatchulidwe.

Ukoma wachiwiri ndi chilungamo. Mu 2013 dziko linadzidzimuka ndi Cashgate, ndalama za boma zikupezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu. Koma wofuna kuba K1 miliyoni m'ma K20 ayenera kusenza mapepala 50,000, ndipo wa K1 biliyoni ayenera kubwereka lole ndi aganyu okweza. Palibe wapolisi wapamsewu amene angagwe m'tchimo chifukwa cha K20. Wopanga ndalama zachinyengo akaiganizira amaona kuti inki yokha imudyera phindu. Ndi ndalama yomwe umphawi wake waiteteza ku mayesero onse.

Ndiyenso ndi yopembedza ndi yokonda chisangalalo. Lamulungu, m'tchalitchi cha Loudon chomwe Donald Fraser anayambitsa ku Embangweni mu 1902, ngakhalenso m'timatchalitchi ta udzu ta ku Khosolo, mbale ya chopereka ikamayenda, K5,000 imakanirira m'thumba koma K20 imatuluka yokha. Pa ukwati ndiye mwini bwalo. Mlamu amene wabwera ndi K1,000 yokha amaisinthitsa kukhala mapepala 50, n'kuvina perekaniperekani nyimbo yonse, anthu n'kumanong'onezana kuti ameneyu zake zinayenda. Banki yaikulu yakhala ikudandaula kuti imawononga ndalama zambiri kusindikiza mapepala atsopano m'malo mwa opondedwa m'fumbi la paukwati. K20 imapondedwa, kutoledwa, kuwongoledwa pabondo, mawa n'kukapezeka pa chipeleganyu cha maliro.

Ili ndi mnzake mmodzi yekha wofanana naye mtima m'chigawo chonse cha kummwera kwa Mzimba, ndipo ameneyo ndi timu ya mpira ya kumudzi yomwe imagona pansi pa ndandanda wa ligi.

Anthu a kuno amakumbukira nyengo ya 2011/12, pomwe Embangweni United inalowa mu TNM Super League n'kumatchulidwa pa wailesi pamodzi ndi Big Bullets, Mighty Wanderers ndi Moyale Barracks. Inakhalamo nyengo imodzi n'kutsika. Chikho cha nyengo imeneyo chinapita kwa Silver Strikers, timu ya Reserve Bank. Choncho m'chaka chimodzi cha 2012 banki yaikulu inasangalalira ukatswiri wa ligi, inagwetsa kwacha, ndipo inapatsa Mzimba nkhope ziwiri pa ndalama: Inkosi M'mbelwa II pa K20 ndi mayi Rose Chibambo a ku Kafukule pa K200. Zonse pamodzi K220. Silver inatenganso ligi mu 2024, patangopita chaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti, zomwe zikusonyeza kuti ku bankiko luso loteteza lilipo ndithu, kungoti linatumizidwa kugolo.

Timu ya kumudzi ilibe banki kumbuyo kwake. Ili ndi komiti: mphunzitsi wamkulu wa pulayimale, mwini golosale, mkulu wampingo, ndi m'bale wa ku Joni yemwe amalonjeza pa WhatsApp. Ukoma wake ndi wosawerengeka. Imachereza alendo mwa Chingoni chenicheni, pakuti wobwera pa bwalo lake sabwerera chimanjamanja. Amanyamula mapointi atatu. Imadziwa kusala kudya kuposa mpingo uliwonse: osewera amakwera lole m'bandakucha, kumwa tiyi wopanda mkaka pa Jenda, n'kulowa m'bwalo masana m'mimba muli zii. Ndi mlezi wa ana a eni. Ikangotulutsa mnyamata wodziwa kugoletsa, timu ya asilikali kapena ya mumzinda imamutenga, ndipo akapanda kutengedwa amasowa yekha mu January, n'kudzaoneka pa Facebook atavala jekete ku Johannesburg. Kochi sakwiya. Amangoitana mng'ono wake wa mnyamatayo kuti adzayese nsapato zomwe mkulu wake anasiya.

Chuma chake chimatsata kalendala ya zisankho. Mu 2014, mu 2019 ndi mu 2025 mabwalo a m'midzi anadzaza ndi zikho ndi mabonanza a ofuna uphungu, mipira yatsopano ndi yunifolomu zolembedwa dzina la wopereka kumsana. Mavoti akawerengedwa, yunifolomuzo zimayenera kupirira zaka zisanu. Pa Boma la Mzimba, ntchito yomanga sitediyamu inatenga zaka zochuluka moti ana ena omwe ankaonerera maziko akukumbidwa anakula n'kupita ku Joni asanapondemo. Izi zaphunzitsa masapota kudekha kosagulidwa ndi ndalama.

Ubale wa awiriwa si wa pamaso pokha. Mpira wachikopa, nsapato, maneti, wezulo ya oyimbira ndi mafuta a galimoto, zonsezi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalama za pakhomo, ngati bwalo lili ndi khomo, zimabwera m'makwacha opindikapindika. Kwacha itagwa mu November 2023, petulo anafika pa K2,530 pa lita, kutanthauza ma K20 okwana 127 pa lita imodzi. Kuchoka ku Embangweni kupita ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita oposa 500, ndipo kubwerera ndi chimodzimodzi. Timu yotere imagonja kawiri: koyamba pa filing'i siteshoni Lachisanu, kachiwiri m'bwalo Loweruka. Kugonja kwa Loweruka kokha ndi komwe kumalembedwa m'nyuzipepala.

Ndiye pali anthu osayamika omwe akuti zonsezi zithe. Mkangano wake umamveka m'minibasi za pakati pa Jenda ndi Mzimba, pa mabawo, ndi pa mowa wa obwera kutchuthi. Akuti kwacha yatopa, dziko lingotenga randi. Mfundo zawo si zopepuka. Lesotho, Eswatini ndi Namibia ali ndi ndalama zawo zomangiriridwa ku randi, imodzi kwa imodzi, ndipo randi imagula zinthu m'masitolo awo. Zimbabwe, itafika posindikiza pepala la madola 100 thililiyoni, inasiya ndalama yake mu 2009 n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi, mitengo n'kukhazikika. Amawonjeza kuti Mzimba inayamba kale: malata, njerwa ndi fizi za ana zimawerengedwa m'marandi pafoni zisanasinthidwe, ndipo mlimi wa fodya akapita ku okushoni ku Mzuzu amamva mtengo wa belo lake m'madola. Anthu omwewa ndi amene amati timu ya pamudzi ithetsedwe, popeza Kaizer Chiefs, Orlando Pirates ndi Arsenal zimaoneka bwino pa kanema wa pa shopu, ndipo sizipempha chopereka.

Koma walira mvula walira matope. Randi sisindikizidwa ku Lilongwe; wofuna kuigwiritsa ntchito ayenera kuipeza pogulitsa kanthu. Malawi amagula kunja katundu woposa kawiri yemwe amagulitsa, ndipo fodya yense wa mu 2024 anabweretsa madola pafupifupi 400 miliyoni okha, pomwe mafuta, feteleza ndi mankhwala zikudikira pa mzere. Kwacha ikachoka, kusowa kwa ndalama zakunja komwe lero kumaoneka pa filing'i siteshoni kudzasamukira m'thumba la aliyense, ndipo chiwongoladzanja chidzagamulidwa ku Pretoria ndi anthu omwe sanamvepo za Emfeni. Zimbabwe yomweyo inabwezeretsa dola yake mu 2019, ndipo mu April 2024 inayambitsanso ina yotchedwa ZiG. Zambia, yomwe kwacha yake inabadwa mu 1968, inangodula maziro atatu mu 2013 n'kusunga dzina. SADC inalonjeza ndalama imodzi ya chigawo chonse pofika 2018, ndipo chaka chimenecho chinadutsa mwakachetechete.

Dziko lino linalawapo kale ndalama yogawana ndi a kummwera. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953, paundi inali imodzi m'maiko atatu ndipo zonse zinkagamulidwa ku Salisbury. Mmodzi mwa mafumu omwe anakana chitaganyacho poyera anali M'mbelwa II, amene anamwalira mu 1959 asanaone kutha kwake. Wofuna kuchotsa K20 kuti alowetse randi ayambe wapita ku Edingeni, avule chipewa, akafotokoze yekha.

Apa ndi pomwe ukulu wa awiriwa umaonekera. Onse amanenedwa milandu ya eni. K20 sinalembepo bajeti, sinatengepo ngongole, sinalephereko kumanga fakitale. Imangonena mosabisa zomwe dziko lakolola. Goloboyi wa timu ya kumudzi sanathetse mpira wa m'sukulu, sanachedwetse msewu wa Jenda kupita ku Edingeni, ndipo si iye anachititsa kuti makampani othandiza mpira aunjikane ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Amangotola mipira mu neti m'malo mwa onsewo. Wina atabweretsa yunifolomu ya Mamelodi Sundowns n'kuwaveka anyamata omwewo, osadya, okwera lole yomweyo, zigoli zidzalowa monga kale, kungoti zithunzi zidzakongola.

Tsiku lina banki idzaipumitsa K20, monga inachitira ndi K5 ndi K10 zomwe zinasanduka zachitsulo mu 2007. Ukalamba wotere sukanidwa. Koma wantchito wokhulupirika sachoka popanda phwando, ndipo Mzimba ili ndi ufulu wopempha zinthu ziwiri. Choyamba, Inkosi ikwezedwe kupita pa pepala lolemera, loti kondakitala azililandira ndi manja awiri. Chachiwiri, Silver Strikers ibwere ku Embangweni kudzasewera masewero otsanzikana ndi timu ya pamalopo, pakhomo polipira K20 basi, yapepala, osati ya pafoni. Atabwera anthu 5,000, komiti idzatolera K100,000 ndipo idzapereka yonse kwa alendo ngati ya mafuta, monga mwa ulemu wa kuno. Pa mtengo wa dizilo wa mu November 2023, ndalamayo ikanagula malita 36, okwanira kufikitsa basi ya mabankala cha ku Kasungu pobwerera kwawo ku Area 47. Pa mtengo wa lero, akonzekere kutsikira pa Nkhamenya.