Ulemu wa pa Zalewa ku Joni sugwira

Okondedwa achimwene,

 Kuno tilipo, kungoti chisanu cha Juni chikuluma makutu.

Mwati mukufuna kubwera kudzagwira udalaivala. Bwerani, koma khalidwe la pa rodibuloko ya pa Zalewa mulisiye komweko, lisakwere nawo basi.

Lachiwiri lapitali ndinali pa N1 kuchokera ku Midrand, nditasenza manyowa pa baki ya abwana. Msewu umenewu si M1 wathu ayi: mizere inayi mbali imodzi, anthu akuuluka pa 120. Kuyang'ana pagalasi, magetsi abuluu a wapolisi phethiphethi kumbuyo kwanga. Paja amayi anatilera kuti wamkulu akakuitana suponyanso phazi lina. Ndiye ine buleki pomwepo, mumzere wapakati. Achimwene, mahutala ake! Thiraki ina inandiphonya ndi chala chimodzi, dalaivala wake n'kundilankhula Chizulu chomwe ndikukhulupirira chinakhudza mtundu wathu wonse, ndi agogo omwe.

Wapolisi uja anakupiza dzanja kuloza kumanzere. Ndinakhotera kumeneko, kuwoloka mzere wachikasu, n'kuima. Apa mpamene ndinaonjeza tsabola. Ndinatsika, chipewa kuvula, kumuthamangira chowerama, uku dzanja lili m'thumba la jekete kusaka layisensi. Kwathu ameneyo ndi mwana wamwambo. Kuno munthu wothamangira wapolisi dzanja lili m'jekete amamuwerengera kwina. Mkuluyo anakuwa, dzanja lake lili kale pamfuti. Ine manja m'mwamba ngati pa msonkhano wa chitsitsimutso, ndipo pemphero linabwera lokha.

Ataona kuti chida changa n'kakhadi chabe, anaseka mpaka kutsamira baki, fungo la manyowa osalimva. Kenako sukulu inayamba. Akuti ukaona magetsi aja, yatsa indiketa ya kumanzere, chepetsa liwiro pang'onopang'ono, tuluka mumsewu pamalo poti ena adutse bwino. Zimitsa injini, tsitsa windo, manja pachiwongolero, ukhale phee ngati mkwatibwi pachinkhoswe. Wobwera kwa mnzake ndi iyeyo. Layisensi uitulutse akaifunsa, ndipo izikhala pathupi nthawi zonse. Zoti "ndaiwala kunyumba, bwana" ndi chindapusa.

Yanga ya kwathu anaitembenuza kawiri, anaona chithunzi, n'kunena kuti ndinali wonenepa kale. Anayang'ananso disiki ya pagalasi lakutsogolo ndi matayala. Zonse zili bwino. Tikiti anandilembera ya kuima pakati pa msewu, mwaulemu ndithu, mpaka kundifunira ulendo wabwino. Choncho malata aja ndinalonjeza ayambe adikira. Amayi muwauze kuti randi yadwala.

Za usiku n'zina. Kuno kuli akuba oyika magetsi abuluu pagalimoto zawo. Anzathu okhalitsa amati ukakayika pamalo amdima usathawe, yatsa mahazadi, yenda pang'onopang'ono mpaka pa filing'i sitesheni yowala kapena kupolisi, uku ukuimba 10111. Ine kuyambira tsiku lija ndikaona chabuluu chilichonse indiketa imayaka yokha. Dzulo ndapatukira chikwangwani cha shopu ya mafoni.

Mukapeza wobwera pa basi, mumupatsire usipa ndi ufa woyera. Nkhaniyi alamu asaimve, ingafike kudambwe ndisanabwere.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni