Ilemekezeke Rolex ya ku Kanyama

Pa zinthu zonse zogulitsidwa m'manja pakati pa City Market ndi Soweto, palibe chimene chanyozedwa mopanda chilungamo kuposa wotchi yagolide ija anyamata amaitulutsa m'thumba la jekete atayamba acheuka uku ndi uku. Anthu amangoti gong'a. Amaiseka poti golide wake amasungunuka ndi thukuta n'kusiya mzere wobiriwira pamkono. Ine lero ndaima kuti ndiitamande, chifukwa m'makomboni onse, kuchokera ku George mpaka ku Mtendere, kulibe chuma china chogwira ntchito yaikulu chonchi chili chiimire.

Aneba athu kuno ku Kanyama atalandira chilimba, mayi a kunyumba kwawo ankayembekezera malata otsekera pamene pamadontha. Bambo anabwera ndi wotchi. Sanabwere nayo mozemba ayi. Anaiika patebulo, n'kuitana banja lonse, n'kulengeza kuti iyi ndi invesitimenti, ndipo kuti anthu ozindikira anasiya kalekale kusunga ndalama kubanki, masiku ano amasunga pamkono. "Amake mwana, malata amachita dzimbiri. Ichi chikamakalamba m'pamene mtengo umakwera."

Chowawa n'chakuti sananame kwenikweni. Mu Okutobala 2017, ku New York, Rolex Daytona imene ankavala katswiri wa mafilimu Paul Newman inagulidwa pa okishoni ndi madola 17.8 miliyoni. Mu 2019 ku Geneva, Patek Philippe imodzi inapita ndi mafuranki 31 miliyoni a ku Switzerland. Aneba nkhanizi amazidziwa pamtima, anaziona pafoni. Chimene foniyo inaiwala kuwauza n'chakuti wotchi ya Newman inakwera chifukwa cha mkono umene unkaivala, ndipo mkono wa aneba sunaonekepo mufilimu. Inaiwalanso kuti mitengo ya mawotchi otere pamsika wogulitsana okhaokha, imene inathamanga kwambiri nthawi ya Covid mpaka kuchiyambi kwa 2022, inayamba kutsika chaka chomwecho, ndipo amene anagula mtengo uli kumwamba anatsala atagwira pakamwa. Apa ndiye gong'a imaonetsa ukulu wake. Iyo siingagwe mtengo. Tsiku limene unaigula ndilo tsiku limene inafika pansi, ndipo pamenepo yakhazikika mwamtendere. Kwacha yathu inadulidwa maziro atatu pa 1 Januwale 2013. Dziko lenilenilo linalephera kulipira ngongole yake ya kunja mu Novembala 2020. Wotchi ya aneba palibe adzaidule ziro, poti ilibe ziro yoti n'kudula.

Koma tiyeni tisuzumire m'kati mwa yeniyeniyo, chifukwa m'menemo muli nkhani imene imandisowetsa tulo. Kampani ya Rolex anaiyambitsa Hans Wilsdorf ku London mu 1905, kenako inasamukira ku Geneva. Mawotchi ake otchuka aja alibe batire. Muli kasipuling'i kokulungidwa kamene kamamasuka pang'onopang'ono n'kumakankha timagudumu, ndipo kumbuyo kuli kachitsulo kolemera mbali imodzi kamene kamazungulira mkono ukagwedezeka, n'kumakulunganso sipuling'iyo. Rolex inabweretsa njira yakeyi mu 1931. Ndiye kuti wotchi imadya mphamvu ya mkono wa mwini wake. Ukaivula n'kuisiya masiku awiri kapena atatu, imaima.

Tsono mverani izi. Apamwamba amene ali ndi mawotchi ambiri amagula kabokosi kamagetsi kamene ntchito yake n'kungozunguza wotchi usana ndi usiku kuti isaime. Kabokosi kolembedwa ganyu yogwedeza! Munthu wagula wotchi yofuna mkono wogwira ntchito, koma mkono woterowo alibe, ndiye wagulanso makina oti azinamiza wotchiyo kuti bwana ali pantchito. Pamene kuno mikono ili mbwee, yogwedezeka ulere. Kondakitala wa basi ya ku Matero amene amamenya denga la minibasi kuyambira mbandakucha. Kalipentala wa ku Kalingalinga wopala matabwa m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata. Amayi ophwanya miyala ndi hamala. Amayi ovundula nsima ya pamaliro ndi mthiko wa manja awiri uja. Wotchi ya ku Geneva itakhala pamikono imeneyi siingaime mpaka tsiku lachiweruzo. Ndikadzapeza mpamba ndidzatsegula kantemba pafupi ndi siteshoni, n'kulemba kuti pano timagwedeza mawotchi. A ku Kabulonga azidzasiya m'mawa, ife tiziwaveka makondakitala, madzulo azidzatenga atakhuta. Ndipo bizinesiyi ikanayenda bwino zedi mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi akuzima maola ambiri kuposa amene ankayaka. Kabokosi kaja kanangoti zii, koma mkono wa kondakitala sunapume ngakhale tsiku limodzi.

Ena mwa osunga chuma pamkono aja wotchiyo saivala n'komwe. Imakhala m'sefa, m'bokosi lake, pamodzi ndi mapepala ake, poti ikakalika kapena mapepala akasowa mtengo umatsika. Zimenezi ife sitingaziseke kwambiri, pakuti n'chimodzimodzi mipando ya pabalaza ya azakhali imene yatha zaka ili m'pulasitiki, alendo akukhala pamphasa.

Ya aneba ndi yomasuka ku zonsezi. Inabwera m'kapepala ka shuga, ndipo mapepala ake ndi mawu a mnyamata wogulitsa amene analumbira kuti inagwa kwa mzungu pabwalo la ndege. Poyamba inali ndi batire, kamuvi ka masekondi kakudumpha kamodzikamodzi. Odziwa amati pamenepo m'pamene gong'a imagwidwira, chifukwa ka yeniyeni kamaoneka ngati kakutsetsereka, poti m'kati mumagunda maulendo 8 pa sekondi. Vutoli aneba analithetsa mwanzeru: batire itatha sanaikenso ina. Kamuvi koima palibe angakagwire kakudumpha. Anailozetsa pa 10 koloko ndi mphindi 10, monga zimakhalira pazithunzi zotsatsa malonda, ndipo mpaka lero ili pomwepo, yokongola, yosatekeseka. Mvula ya mu Januwale inasiyamo kankhungu kuseri kwa galasi, pansi penipeni pa chizindikiro cha Rolex cha chisoti chachifumu. Dzuwa likawala kankhunguko kamasanduka timadontho titatu, madzulo kamabwerera.

Mukawafunsa nthawi, amakweza mkono, n'kukankha shati pang'ono, n'kuyang'ana wotchi ndi ulemu wake wonse, kenako dzanja linalo n'kupisa m'thumba kutulutsa foni. Ana a pamzere wathu anatulukira zimenezi, ndiye amasinthana. Wina akachoka, wina wafika. "Ankolo, nthawi ili bwanji?" Ankolo satopa, chifukwa funso lililonse ndi mwayi wokweza mkono.

Nanga nthawiyo tikanaidziwa tikanapita nayo kuti? Rolex imalonjeza kuti wotchi yake siitaya kapena kuonjeza masekondi oposa 2 patsiku. Masekondi awiri! Kuno khadi la kitcheni pate limati 14 hours, mkwatibwi amalowa 17 hours, ndipo palibe wachedwa. Basi pa Kulima Tower imanyamuka ikadzaza. Madzi pampopi amabwera akafuna okha, kawirikawiri pakati pa usiku. Ndipo amene amavala zenizenizo ndiwo sadziwa nthawi kuposa tonsefe. Chaka chilichonse mvula ikagwa ku Kanyama madzi amalowa m'nyumba, matiresi timakweza pamadiramu, ana amapita kusukulu nsapato zili m'manja. Ndiye pamabwera akuluakulu ena kudzayendera ngalande. Timauzidwa kuti tisonkhane 9 hours, iwo amafika 13 hours, atavala majombo oti sanapondepo matope, n'kuyamba kutilozera madzi amene tagona nawo usiku wonse. Akamaloza, wotchi imati nyezi. Amati ngalande ikonzedwa posachedwapa. Wotchi yosataya masekondi awiri ija siidziwa kuti posachedwapa ndi liti. Rolex inapanga chikuto chosalowa madzi mu 1926, ndiye mwina n'chifukwa chake eni ake sathamanga: pa zonse zili m'komboni tsikulo, chawo chokha n'chimene sichinyowa. Bola ya aneba, imanyowa nafe limodzi.

Musaganize kuti siibala phindu. Pamaliro aneba amapatsidwa mpando wa pulasitiki, ife tili panjerwa. Pakantemba amawakongoza kaufa ka pamela ndi mafuta mosafunsa zambiri. Mphwawo atafuna kukwatira ku Chawama, banja linawasankha kuti akakhale ankhoswe, ati ndiwo ooneka. Anakhala pansi, n'kupinda shati bwinobwino. Akuchikazi anayang'ana pamkono, anatuluka panja kukanong'onezana, pobwerera malowolo anali atakwera. Ndani angatsutse kuti wotchiyi imakweza mitengo?

Mayeso aakulu anabwera mwezi umene lendi inawapanikiza. Anapita nayo kwa bambo wa kaloba kuti ikhale chikole. Kumeneko ndiye ku okishoni yathu ya m'komboni, kumene chinthu chilichonse chimamva mtengo wake weniweni popanda kunyengererana. Bamboyo anaiika pachikhatho n'kuiyesa kulemera, anaikanda ndi chikhadabo, anaiika kukhutu. Kenako anaibweza ndi manja awiri. "Mudala, iyi ndi yapamwamba kwambiri, ine sindingaikwanitse. Kunyumba kuli TV?" TV inapita. Wotchi inabwerera kunyumba ili pamkono. Akuba nawonso atathyola chitseko usiku wina anatenga mbaula, mabulangete ndi nsapato za tchalitchi, wotchi anaisiya patebulo pomwe inali. Ndiuzeni chuma china chimene wangongole sangalande ndipo wakuba sangabe. Sefa siifunika, mlonda safunika, inshuwalansi siifunika.

Choncho mukakumana nawo pasiteshoni aneba athuwa, musawavutitse ndi kufunsa nthawi, ntchito imeneyo asiyireni ana. Afunseni mtengo. Amayankha mokondwa, ndipo akuti sabata ino wakweranso.